Kuunika mimba kungapulumutse impso za khanda

Amayi ambiri oyembekezera akauzidwa kuti awaunika m'mimba, funso lomwe limathamangira kukamwa ndi lakuti mwanayo ndi wamwamuna kapena wamkazi. Koma wachipatala amene wagwira makinawo amakhala akufufuza zina zazikulu: msinkhu wa mimba, ngati muli mapasa, kuchuluka kwa madzi omwe mwana akusambiramo, ndi momwe ziwalo zake zikukulira. Pakati pa ziwalozo pali impso ndi chikhodzodzo, zomwe vuto lake likadziwika msanga moyo wa mwana umatetezeka.

Mu 2016 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidalangiza kuti mayi woyembekezera azionana ndi achipatala kasanu ndi katatu, komanso aunikidwe kamodzi mimba isanakwane masabata 24. Makinawa amagwiritsa ntchito mafunde a mawu omwe khutu silingamve, choncho savulaza mayi kapena mwana.

Impso za mwana zimayamba kupanga mkodzo mimba ili ndi miyezi pafupifupi itatu. Mimba ikafika pakatikati, gawo lalikulu la madzi a m'chiberekero limakhala mkodzo wa mwanayo. Madziwa amamutchinjiriza ndiponso amathandiza kuti mapapo ake akhwime. N'chifukwa chake madzi akachepa kwambiri, achipatala amayamba kukayikira kuti impso sizikugwira bwino ntchito kapena njira ya mkodzo yatsekeka penapake.

Vuto lomwe limaoneka kawirikawiri ndi kutupa kwa impso chifukwa chakuti mkodzo ukuchedwa kutsika. Limapezeka mwa mwana mmodzi kapena awiri pa ana 100 aliwonse ounikidwa ali m'mimba. Mwa ana ambiri kutupaku kumakhala kochepa ndipo kumatha kokha, mwina mwana asanabadwe kapena m'zaka zoyambirira, popanda mankhwala kapena opaleshoni. Motero mayi akauzidwa kuti impso ya mwana yatupa, sikuti zonse zathera pomwepo.

Komabe mwa ana ena pamakhala chifukwa chenicheni. Kanjira kochokera ku impso kupita kuchikhodzodzo kakhoza kukhala kothina, kapena mkodzo umabwerera m'mwamba m'malo motsika. Choopsa kwambiri chimagwira ana aamuna okha: m'njira yotulukira mkodzo mumakhala timinofu totchinga, kotero chikhodzodzo chimadzaza, impso zonse ziwiri zimatupa, ndipo zikalekereredwa zimawonongeka osachiranso.

Pamene zinthu zimasokonekera nthawi zambiri ndi mwana akabadwa. Khanda limaoneka lathanzi, likuyamwa bwino, ndipo banja limaiwala zomwe makina adaonetsa. Zotsatira za kuunikako zimayenera kulembedwa m'kabuku ka kuchipatala ka mayi ndi kuonetsedwa kwa azamba pa tsiku lochira. Mwana wotere amafunika kuunikidwanso. Ngati kutupa kunali kochepa, madokotala amadikira kuti padutse masiku osachepera awiri, chifukwa khanda longobadwa kumene limakodza pang'ono ndipo chithunzi chikhoza kunamiza kuti zonse zili bwino. Koma ngati impso zonse ziwiri zidatupa kwambiri kapena chikhodzodzo chidakula, sipakhala kudikira.

Makolo ali ndi zizindikiro zomwe angaone okha kunyumba. Pafupifupi khanda lililonse limakodza tsiku loyamba lisanathe, ndipo lomwe latha maola 24 thewera lili louma liyenera kuonedwa ndi achipatala. Mwana wamwamuna amene mkodzo wake umangodontha m'malo mothamanga, amene amadzikakamiza pokodza, kapena amene pansi pa mchombo patupa ndi kulimba, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Kutentha thupi kwa mwana wosakwana miyezi itatu, kukana bere ndi kusakwera sikelo zikhozanso kusonyeza matenda a m'njira ya mkodzo.

Ku Mangochi ndi madera ena a kum'mwera kwa nyanja ya Malawi nkhaniyi ili ndi mbali ina. Likodzo ndi lofala m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja ndi mtsinje wa Shire, mwakuti vuto lililonse la mkodzo anthu amafulumira kulitcha likodzo. Likodzo limabwera ndi tizilombo tochokera mu nkhono za m'madzi tomwe timalowa pakhungu, ndipo ana aang'ono osambitsidwa madzi a m'nyanja akhoza kulitenga. Koma mwana sabadwa nalo, ndipo pamatenga masabata angapo kuti lionekere. Khanda la masiku ochepa lomwe likuvutika kukodza silikudwala likodzo, ndipo mankhwala a likodzo sangatsegule njira yotsekeka.

Mbali ina ndi mtunda. Banja la ku Makanjira kapena kumidzi yozungulira Monkey Bay limayenda ulendo wautali kuti lifike pachipatala chachikulu cha boma la Mangochi, ndipo mwana wofunika dokotala wa opaleshoni amatumizidwa ku Zomba kapena ku Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre, pafupifupi makilomita 200 kuchokera ku Mangochi. Kumeneko kuli chipatala cha opaleshoni ya ana cha Mercy James chomwe chidatsegulidwa mu 2017. Vuto likadziwika mayi asanachire, banja limapeza mpata wokonzekera ulendo, ndipo achipatala amasankha malo oyenera kuti mayiyo akachilire.

Chithandizo chimadalira chomwe chapezeka. Ana ambiri amangofunika kuunikidwa mwa apo ndi apo. Ena amapatsidwa mankhwala oteteza ku tizilombo toyambitsa matenda a m'njira ya mkodzo, popeza matendawa akabwerezabwereza amasiya zipsera mu impso. Mwana wa njira yotsekeka amamulowetsa kapaipi kakang'ono kotulutsa mkodzo, kenako timinofu totchinga tija timachotsedwa. Ngakhale atachira, amafunika kumuyeza impso ndi kuthamanga kwa magazi mpaka atakula.

Zonsezi zimayambira pa kuyamba sikelo msanga. Mwambo wobisa mimba mpaka itaonekera umachititsa amayi ena kufika kuchipatala masabata 24 atadutsa kale. Mayi amene wayamba sikelo miyezi itatu yoyambirira ali ndi nthawi yofunsa azamba komwe angakaunikidwe, ndipo akaunikidwa, ali ndi ufulu wofunsa zomwe makina aonetsa pa impso, chikhodzodzo ndi madzi a mwana wake.