MPOPI, NTHAMBO NDI CHIMBALANGONDO: VUTO LA ALENDO OFUNA POGONA KU YELLOWSTONE

Chaka ndi chaka, nyengo ya chisanu ikangotha m'dziko la United States of America, misewu yolowera ku mapiri a kumadzulo imadzaza ndi magalimoto amene ali nyumba zoyenda. M'kati mwake muli kama, mbaula, firiji, bafa ndiponso chimbudzi. Ena ali ndi injini yawoyawo monga basi, ena amachita kukokedwa ngati ngolo pambuyo pa galimoto ina. Eni dzikolo amawatcha RV, ndipo ambiri mwa iwo amapangidwa m'dera la Elkhart, m'chigawo cha Indiana. M'chaka cha 2021 chokha mafakitale anatulutsa magalimoto otere oposa 600,000, ndipo m'chaka chomwecho nkhalango ya Boma ya Yellowstone inalandira alendo oposa 4,800,000, chiwerengero chimene chinali chisanaonekepo chiyambire.

Mwini nyumba yoyenda asananyamuke amakhala ndi funso limodzi lomusowetsa tulo: kodi akafika adzaimika pati? Sikuti malo oimikapo galimoto ndi osowa ayi. Chosowa ndicho malo okhala ndi zinthu zitatu pamodzi, ndiko kunena mpopi wa madzi akumwa, polumikiza nthambo ya magetsi, ndi payipi yotayira madzi onyansa. Malo okwana chotere amatchedwa full hookup m'chinenero cha kumeneko, ndipo m'kati mwa nkhalango za Boma ndi owerengeka kwambiri.

Kuti wowerenga amvetse chifukwa chake zitatuzi zimafunidwa motere, ayenera kudziwa kapangidwe ka galimotoyo. Pansi pake pamakhala mathanki atatu. Yoyamba imasunga madzi abwino. Yachiwiri imalandira madzi otsukira mbale ndi osamba. Yachitatu imalandira za m'chimbudzi. Banja likagona masiku angapo pamalo opanda mapayipi, thanki yoyamba imauma pamene zinazo zikudzaza, kotero kuti bambo amakakamizika kumanga katundu yense, kuchotsa galimoto pamalo pake, ndi kukaima pamzere kumalo otayira zonyansa. Magetsi nawo ali pawiri: pali polumikiza pa ma amp 30 ndi pa ma amp 50, ndipo galimoto yaikulu yokhala ndi makina awiri oziziritsa mpweya imafuna pachiwiripa. Popanda nthambo munthu amadalira mabatire kapena jenereta, koma jenereta ili ndi malamulo ake. Ku Yellowstone imaloledwa m'malo ena okha, ndiponso kuyambira 8 koloko m'mawa kufikira 8 koloko madzulo, kuti anthu ogona m'mahema asasokonezedwe ndi phokoso.

MALO AMODZI M'NKHALANGO YONSE

Yellowstone ndi nkhalango ya maekala oposa 2,200,000, ndipo mbali yake yaikulu ili m'chigawo cha Wyoming. Muli misasa ya alendo 12, ngakhale kuti ina yakhala yotsekedwa m'zaka zina chifukwa cha ntchito yokonza, ndipo yonse pamodzi ili ndi malo oposa 2,000. Pa misasa yonseyi, umodzi wokha ndiwo uli ndi mpopi, magetsi ndi payipi ya zonyansa pamalo aliwonse. Dzina lake ndi Fishing Bridge RV Park, ndipo uli kumpoto kwa nyanja ya Yellowstone, pafupi ndi pamene mtsinje wa dzina lomwelo umatulukira m'nyanjamo. Malo ake ndi 310. Wowerenga amene amadziwa masamu angathe kuyerekeza yekha chiwerengero chimenechi ndi mamiliyoni a alendo aja.

Msasawu suyendetsedwa ndi alonda a Boma, koma ndi kampani imene inapatsidwa chilolezo chosamalira mahotela a m'nkhalangomo. Unatsekedwa kwa zaka zingapo kuti ukonzedwe, ndipo unatsegulidwanso mu 2022 uli ndi malo ena otalikitsidwa kuti mulowe magalimoto aakulu a makono. Umagwira ntchito kuyambira mwezi wa Meyi kufikira Okutobala basi, pakuti derali lili pamtunda wa mapazi oposa 7,700 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo madzi osiyidwa m'mapayipi nthawi ya chisanu amaundana ndi kuwaphulitsa. Ofuna malo m'mwezi wa Julaye amalembetsa miyezi yambiri pasadakhale, ena chaka chathunthu. Wofika pachipata madzulo osalembetsa amabwezedwa mwaulemu; safunsa anadya phula.

Ku nkhalango zina zinthu sizisiyana kwenikweni. Ku Grand Canyon kuli Trailer Village, imene imatsegula chaka chonse. Ku Grand Teton, kumwera kwa Yellowstone, kuli Colter Bay RV Park. Ku Big Bend, m'chigawo cha Texas, kuli kamsasa ka malo 25. Koma ku Yosemite, nkhalango yotchuka ya ku California, kulibe msasa ndi umodzi womwe wokhala ndi polumikiza, ndipo msasa wa Watchman ku Zion uli ndi magetsi okha.

LAMULO LA MITU IWIRI

Mlendo wokhumudwa angaganize kuti Boma la dziko lolemera chotero langoiwala kapena lachita ulesi. Maganizo amenewa ndi olakwa. Kuchepa kwa mapayipi m'nkhalango kunachokera m'lamulo lenilenilo limene linakhazikitsa ofesi yoyang'anira nkhalangozi.

Yellowstone inapatulidwa pa 1 Malichi 1872, pamene Pulezidenti Ulysses S. Grant anasaina lamulo lake, koma magalimoto anayamba kuloledwa kulowamo mu Ogasiti 1915. Chaka chotsatira, pa 25 Ogasiti 1916, Pulezidenti Woodrow Wilson anasaina lamulo lokhazikitsa National Park Service, ndipo Stephen Mather anakhala mkulu wake woyamba. Lamulolo linapatsa ofesiyo ntchito ziwiri nthawi imodzi: kusunga malo ndi nyama zake osaonongeka chifukwa cha mibadwo ya m'tsogolo, ndiponso kupatsa anthu a lero mwayi wosangalala nazo. Aliyense amene anagwirapo ntchito m'Boma amadziwa kuti malangizo a mitu iwiri amaoneka bwino papepala, koma amatuluka mano tsiku logawa ndalama ndi malo.

Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mabanja ambiri anagula magalimoto, ndipo misewu, zimbudzi ndi misasa ya m'nkhalango zinalephera kupirira unyinji wa anthu. Mkulu wa ofesiyo pa nthawiyo, Conrad Wirth, anayambitsa mu 1956 ntchito ya zaka khumi yotchedwa Mission 66, imene inadya ndalama pafupifupi madola 1,000,000,000 pomanga misewu, nyumba zolandirira alendo ndi misasa. Msasa wa magalimoto wa ku Fishing Bridge unamangidwa m'nyengo imeneyo. Anthu opanga mapulani anasankha malowo chifukwa anali okongola, athyathyathya, ndiponso oyandikira mlatho umene alendo ankakonda kuwedzerapo nsomba. Sanalingalire mokwanira kuti malowo anali ndi eni ake kale.

MLANDU WA FISHING BRIDGE

Eni akewo ndi zimbalangondo za mtundu wa grizzly. Pamene mtsinje umatuluka m'nyanja ndi pamene nsomba zotchedwa cutthroat trout zimaswanirana, ndipo madambo oyandikana nawo ali ndi msipu ndi nyama zimene zimbalangondo zimadya. Kuika mazana a mabanja, ndi mapoto awo, nyama yowotcha ndi zinyalala, pakati pa dera lotere kunali kuitana ngozi. Chimbalangondo chikalawa chakudya cha anthu chimabweranso, chimataya mantha, ndipo mapeto ake kawirikawiri amakhala mfuti ya mlonda. Cha m'ma 1970 Boma linatseka maenje a zinyalala amene zilombozi zinazolowera kudyako, ndipo zambiri zinayamba kulowa m'misasa ndi kuphedwa. Mu 1973 kuwedza pa mlatho kunaletsedwa pofuna kuteteza nsomba. Mu 1975 chimbalangondo cha grizzly chinalembedwa m'gulu la nyama zimene zili pangozi yakutha, ndipo akatswiri ena pa nthawiyo ankawerengera kuti m'dera lonse la Yellowstone munatsala zosakwana 200.

Akuluakulu a nkhalango anakonza zoti zomangamanga za ku Fishing Bridge zichotsedwe, ndipo m'malo mwake alendo azikagona ku Grant Village, mudzi watsopano kumwera chakumadzulo kwa nyanjayo. Grant Village inamangidwadi. Koma itafika nthawi yotseka Fishing Bridge, panabuka mkangano waukulu. Msasawu uli pamsewu wochokera ku chipata cha kum'mawa, ndipo msewu umenewo umafika ku tawuni ya Cody, mtunda wa mailosi pafupifupi 80 kuchokera pa mlathowo. Amalonda a ku Cody anaona kuti msasa ukatsekedwa, alendo adzalowera ku zipata zina, ndipo mafuta, zakudya ndi zipinda zawo zidzasowa ogula. Aphungu oimira Wyoming ku Washington anawamvera ndi kuimitsa ntchitoyo kuti ifufuzidwenso. Mbali inayo, bungwe la National Wildlife Federation linasumira Boma ku khoti kuti msasawo utsekedwe msanga, koma mu 1987 khoti silinavomere pempho lawo.

Chigamulo chimene Boma linafikapo chinadula nkhaniyo pakati. Msasa wa mahema wa ku Fishing Bridge unatsekedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, koma msasa wa magalimoto unasiyidwa. Ichi ndicho chifukwa chake kufikira lero malowa ali ndi lamulo limene limadabwitsa alendo atsopano: amalandira magalimoto a makoma olimba okha. Hema sililoledwa, ndipo ngolo ya makoma a nsalu nayonso siiloledwa. Okonda nyama anadandaula kuti zimbalangondo zalandidwa kawiri, pakuti Grant Village inamangidwa pamene Fishing Bridge sinachoke yonse, ndipo dandaulo limeneli silinali lopanda maziko. Komabe chiwerengero cha zimbalangondo m'dera lonselo chakwera kufika pafupifupi 1,000, makamaka chifukwa cha malamulo okhwima a kasungidwe ka chakudya ndi zinyalala. Pambuyo pa mlandu wotere, nkosadabwitsa kuti palibe mkulu wa nkhalango amene amafulumira kupempha msasa wina wa mapayipi.

Palinso nkhani ya ndalama, imene mlendo saiona chifukwa ili pansi pa nthaka. Payipi iliyonse ya zonyansa imafuna malo oyeretserako madzi kumapeto kwake, ndipo malowo amafuna antchito ndi kukonza kosalekeza. M'mwezi wa Juni 2022 chigumula chinakokolola msewu wa pakati pa Mammoth Hot Springs ndi tawuni ya Gardiner, ndipo pamodzi ndi msewuwo chinadula payipi imene inkanyamula madzi onyansa a ku Mammoth. Msewu wina unatsegulidwa pofika kumapeto kwa Okutobala chaka chomwecho, koma hotela ya ku Mammoth inadikira kufikira Julaye 2023, pamene njira ina yoyeretsera madziwo inakonzedwa. Lamulo la 2020 lotchedwa Great American Outdoors Act linapatula ndalama zofika madola 1,900,000,000 pa chaka kwa zaka zisanu zokonzera zinthu zokalamba pa malo a Boma, ndipo ntchito yake inali kukonza zimene zilipo kale, osati kuwonjezera zatsopano.

PHINDU LA MATAWUNI A PACHIPATA

Chimene Boma lakana kumanga m'kati, amalonda amanga kunja. Matawuni a West Yellowstone ndi Gardiner m'chigawo cha Montana, ndi Cody ku Wyoming, ali ndi misasa yambiri ya anthu wamba yokhala ndi zitatu zija, kuwonjezapo malo ochapira zovala ndi intaneti. Kampani yaikulu pa malonda amenewa, Kampgrounds of America, inayambira ku Billings, Montana, mu 1962, m'mphepete mwa mtsinje womwewu wa Yellowstone, pamene wamalonda wina, Dave Drum, anaona magalimoto opita ku chionetsero cha ku Seattle akusowa pogona. Motero dongosolo limene lilipo lero ndi logawana ntchito: nkhalango imasunga zoona, tawuni imasunga mapayipi.

Koma walira mvula walira matope. Mawu akuti "pafupi ndi nkhalango" amene amalembedwa m'zotsatsa malonda amanyenga ambiri, pakuti kukhala pafupi ndi chipata sikutanthauza kukhala pafupi ndi chimene munthu wadzera. Kuchokera ku West Yellowstone kufika ku kasupe wotentha wa Old Faithful ndi mailosi pafupifupi 30, pamsewu umene liwiro lake lololedwa silipitirira mailosi 45 pa ola, ndipo njati za kumeneko zikaima pamsewu magalimoto onse amadikira. Wogona ku Cody amayenda mailosi oposa 50 asanaone ngakhale chipata chomwe. Kutalika kwa galimoto nakonso kuli ndi mawu ake: misasa yakale inamangidwira magalimoto aafupi, ndipo ku nkhalango ya Glacier chigawo cha pamwamba cha msewu wa Going-to-the-Sun chimakana galimoto yoposa mapazi 21.

Chifukwa cha zimenezi apaulendo ozolowera amagawa masiku awo. Amagona masiku awiri kapena atatu m'kati mwa nkhalango pa msasa wopanda polumikiza, monga Madison, Canyon kapena Bridge Bay, kumene kuli malo amodzi otayira zonyansa ndi otungira madzi. Kenaka amatuluka kukagona usiku umodzi ku tawuni kuti achape, adzaze mabatire ndi kutsuka mathanki. Misasa yoyendetsedwa ndi Boma lenileni amailembetsa kudzera pa Recreation.gov, kawirikawiri miyezi isanu ndi umodzi pasadakhale.

Okutobala akafika, msasa wa Fishing Bridge umatseka zipata ndipo madzi amatsekedwanso. Kumayambiriro kwa Novembala misewu yambiri ya m'nkhalango imatsekedwa kwa magalimoto wamba, ndipo umatsala umodzi wokha, wochokera ku Gardiner kupita ku Cooke City. Msasa umene kawirikawiri umalandira alendo m'miyezi imeneyo ndi wa ku Mammoth, ndipo ulibe polumikiza pa mtundu uliwonse.