Mphika wa ku Kampu: Ndiwo ya Nthawi ya Njala Imene Lero Anthu Amaiimira pa Mzere ku Korea

Lero tsamba lathu likupita nanu kutali, kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu, ku dziko la Korea wa Kummwera. Kumeneko, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kumpoto kwa likulu la Seoul, kuli tauni yotchedwa Uijeongbu. Ambiri okhala m'tauniyi amalawira mbandakucha kukwera sitima ya ku ntchito ku Seoul n'kubwerako dzuwa litalowa. Pakati pa tauniyi pali kamsewu kopapatiza komwe tinyumba todyeramo tandandalikana khomo ndi khomo, ndipo tonse timaphika ndiwo imodzimodzi. Dzina lake ndi budae-jjigae. M'chiyankhulo chawo budae ndi kampu ya asilikali, pamene jjigae ndi ndiwo ya msuzi wambiri yowira mumphika. Tikati tiitchule m'chinenero chathu tingati mphika wa ku kampu.

Mukalowa pakhomo

Tinyumbati n'tating'ono, ndipo tambiri timayendetsedwa ndi banja limodzi. M'malo ena akale mlendo amavula nsapato pakhomo n'kukhala pansi pa katebulo kafupi, pakuti pansi pa nyumba za ku Korea pamatenthetsedwa m'nyengo yozizira. Njira imeneyi amaitcha ondol. M'malo ena muli mipando monga tidazolowera. Pakati pa tebulo lililonse pali mbaula ya gasi. Madzi akumwa salipiritsa. Supuni yaitali ndi timitengo tiwiri tachitsulo todyera mumazipeza nokha m'bokosi kapena m'kadirowa ka m'mbali mwa tebulo.

Mayi woperekera chakudya, makamaka akakhala wachikulire, ambiri amamuitana kuti imo, kutanthauza mchemwali wa amayi ako, amene ife timati amayi aakulu kapena amayi aang'ono. Mlendo ndi mwini malo sadziwana, komabe amaitanana mwachibale.

Musanayitanitse kanthu kambiri, patebulo pamabwera timbale ting'onoting'ono ta ndiwo zosiyanasiyana zotchedwa banchan. M'timbaleti mumakhala masamba, mphukira za nyemba, tinsomba touma kapena muzu woyera wotchedwa radishi, malinga ndi nyumba yake. Timbaleti n'ta onse okhala patebulopo, ndipo kambale kakatha mumangopempha kena popanda kuwonjezera ndalama. Mpunga wokha ndiwo aliyense amalandira mbale yakeyake.

Kenaka pamabwera mphika waukulu wosaya, zonse zili zosapsa. M'katimo muli nyama ya m'chitini yodulidwa mapisi, masoseji, nyama yogaya, anyezi, adyo, tsabola wofiira, kabichi wosasitsa wotchedwa kimchi, ndi tofu, chomwe ndi chakudya choyera chofewa chopangidwa kuchokera ku soya. Mayi uja amathira msuzi, n'kuvundikira, n'kuyatsa moto. Ndiwo imapsa inu mukuona. Ikayamba kubwadamuka ambiri amaponyamo supageti wopiringizika wa m'timapaketi, amene iwo amati ramyeon. Aliyense amatunga mumphika womwewo n'kuthira pa mpunga wake.

Ulemu wa patebulo

Pa nkhani ya ulemu, munthu wa ku Ulónguè kapena ku Dómuè sangasokere kwenikweni. Wamng'ono sagwira supuni wamkulu asanayambe kudya. Pothirira wamkulu chakumwa amagwira botolo ndi manja awiri, ndipo polandira amalandiranso ndi manja awiri. Akamamwa mowa pamaso pa wamkulu amatembenuzira nkhope kumbali. Asanadye amanena mawu akuti jal meokgesseumnida, kutanthauza kuti ndidya bwino, pothokoza wophika ndi wogula chakudyacho.

Pali zinanso zimene mlendo ayenera kusamala. Timitengo todyera tija satizika choimirira mu mpunga, chifukwa zimenezi zimakumbutsa nsembe yoperekedwa kwa makolo amene adatisiya. Mbale ya mpunga imakhala patebulo, sainyamulira kukamwa. Musadabwe mukaona mayi woperekera akudula nyama kapena kabichi ndi sizasi, ndi chida cha kukhitchini kumeneko. Polipira mumapita nokha pa kauntala ya pakhomo, ndipo palibe mwambo wosiyira woperekera ndalama yapadera. Nthawi zambiri wamkulu pa gulu ndiye amalipira, ndipo si zachilendo kuona abambo awiri akukankhana pakhomo, aliyense akufuna kuti alipire ndi iye.

Kumene mphikawu udachokera

Ndiwoyi idabadwa m'masiku a misozi. Dziko la Korea lidalamulidwa ndi Japan kuyambira 1910 mpaka 1945. Ulamuliro umenewu utatha, dzikolo lidagawidwa pawiri, kumpoto ndi kummwera. Pa 25 Junho 1950 nkhondo idabuka pakati pa mbali ziwirizi, ndipo mfuti zidaleka kulira pa 27 Julho 1953. Anthu oposa 2 miliyoni adafa, midzi ndi matauni zidasanduka mabwinja, ndipo mabanja ambiri adalekana osaonananso.

Nkhondo itatha njala idakula. Akorea ali ndi dzina la miyezi imene nkhokwe zimakhala zitauma koma barele wa m'munda asanache. Amati boritgogae, kutanthauza chitunda cha barele, chifukwa kudutsa miyezi imeneyo kunali ngati kukwera phiri m'mimba muli gwa. Ife timaidziwa nyengo yotere, ndi Janeiro ndi Fevereiro wathu. Mpaka lero Akorea akakumana amatha kupatsana moni pofunsana kuti, kodi mwadya mpunga?

Ku Uijeongbu kunali makampu a asilikali a ku America, monga Camp Red Cloud ndi Camp Stanley. M'kati mwa mipanda ya makampuwo munali nyama ya m'zitini yotchedwa Spam, masoseji ndi nyemba za m'zitini, pamene kunja anthu ankagona ndi njala. Zina mwa zakudyazi zinkatuluka ngati zotsala, zina zinkatuluka mozemba n'kumagulitsidwa mobisa. Osaukitsitsa ankawiritsa zotsala za m'mbale za asilikali n'kupanga phala limene ankalitcha kkulkkuri-juk, phala la nkhumba. Amayi ena adaona kuti nyama yachilendoyi ndi yamafuta kwambiri pa lilime la Mkorea, tsono adaisakaniza ndi kimchi ndi tsabola, n'kuthira madzi ambiri kuti kanyama kochepa kakwanire anthu ambiri. Nyumba imene ambiri amati ndiyo idayambitsa ndiwoyi m'tauniyi ndi Odeng Sikdang, ya mayi Heo Gi-suk, amene adayamba malonda ake mu 1960 pa kamalo ka m'mbali mwa msewu.

Akuluakulu ena a ku Korea sakonda kumva ngakhale dzina la ndiwoyi, chifukwa imawakumbutsa manyazi odya zotsala za alendo. Akuluakulu a tauni ya Uijeongbu adayesapo kusintha dzinalo kuti izitchedwa Uijeongbu-jjigae, mawu akuti kampu achokepo, koma pakamwa pa anthu dzina lakale lidakanirira. Ana ndi adzukulu amaidya mosangalala. Nyama ya Spam ija idayamba kupangidwa m'Korea momwemo mu 1987, ndipo masiku ano anthu amapatsana ngati mphatso pa chikondwerero cha zokolola chotchedwa Chuseok.

Inu amene mudakhala m'misasa ya othawa nkhondo ku Dedza, Ntcheu kapena Mwanza nkhondo yathu isanathe mu 1992, nkhaniyi mukuimva bwino kuposa ena. Mukudziwa kuphika ndi zimene wapatsidwa, osati zimene wasankha, ndiponso mukudziwa kuti pali zakudya zina zimene munthu akaziona pambale mtima umabwerera kumene sufuna kubwerera.

Chinsinsi chili mu kabichi

Ophika a ku Uijeongbu amadalira kimchi wokhalitsa, wowawasa bwino, pakuti ndiye amadula mafuta a nyama n'kukometsa msuzi. Kimchi adayamba chifukwa cha chisanu. Ku Korea kuyambira Dezembro mpaka Fevereiro nthaka imauma gwa ndi kuzizira, ndipo kale kudimba sikunkatuluka kanthu. Choncho mu Novembro ndi kumayambiriro kwa Dezembro, achibale ndi anansi amasonkhana kukonza kabichi wodya mpaka chisanu chithe, lero pakhomo pa uyu, mawa pakhomo pa uje, monga ife tichitira pa dima. Mwambowu amautcha kimjang, ndipo bungwe la UNESCO lidaulemba m'kaundula wa miyambo yofunika ya anthu a pa dziko lapansi mu 2013.

Kakonzedwe kake n'kotere. Kabichi wawo, amene ndi wamtali ndi wa masamba ofewa, amamung'amba pakati n'kumuthira mchere kwa maola angapo mpaka afote. Akatero amamutsuka, n'kupaka tsamba lililonse phala la tsabola wogaya, adyo, jinja, radishi ndi msuzi wa tinsomba kapena tinkhanu ta m'nyanja ta mchere. Kenaka amamupanikiza mumtsuko kuti mpweya utuluke. Mchere umaletsa tizilombo towoletsa, koma umalola tizilombo tina tabwino tosaoneka ndi maso, ta mtundu womwe uja timasasitsa chambiko, kuti tisandutse shuga wa m'masamba kukhala wowawasa. Kuwawasako ndiko kumasunga kabichi miyezi yambiri. Makolo awo ankakwirira mitsuko yadothi yotchedwa onggi m'nthaka kuti isaume ndi chisanu. Lero nyumba zambiri zili ndi firiji yapadera ya kimchi yekha.

Tsabola amene amafiiritsa kimchi si mbewu ya makolo a ku Korea. Kwawo ndi ku America, ndipo amalonda a Chipwitikizi ndiwo adamufalitsa ku Asia. Buku la ku Korea la mu 1614 limamutchula ngati mbewu yobwera kudzera ku Japan. Zombo za mtundu womwewo ndizo zidafikitsa piripiri ndi chinangwa ku magombe a Africa. Tsono tsabola wa mumphika wa ku Uijeongbu ndi wa m'dimba lathu gwero lawo ndi limodzi.

Soya nayenso amamusunga mwa njira yofananayo. Amamuphika, kumusinja, kumuumba ngati njerwa zotchedwa meju, kuziyanika, kenaka kuziviika m'madzi amchere kwa milungu yambiri. Zolimba zimasanduka phala lokometsera ndiwo lotchedwa doenjang, ndipo madzi ake amasanduka msuzi wakuda wotchedwa ganjang. Luso limeneli UNESCO idalilembanso m'kaundula uja mu Dezembro 2024.

Mavuto a eni tinyumbati

Kukhala ndi kanyumba kodyeramo ku Korea si ntchito yopepuka. Lendi ndi yokwera, antchito ndi odula, ndipo timbale taulere tija timadya phindu. Mu 2024 kutentha kudakhalitsa mpaka mu Setembro, kabichi wa kumapiri adapserera m'minda, mtengo udakwera koopsa, mpaka boma lidaitanitsa kabichi kuchokera ku China. Zoterezi zidachitikanso mu 2010. Malo odyera ambiri adazolowera kugula kimchi wopangidwa kale ku China chifukwa ndi wotchipa. Lamulo la dzikolo limakakamiza mwini malo kulemba poyera kumene nyama, mpunga ndi kabichi wa kimchi wake zachokera. N'chifukwa chake odziwa kudya, akalowa, amayamba ayang'ana chikwangwani cha pakhoma, ndipo nyumba imene imasasitsa yokha kabichi wake imanyadira kwambiri.

Zotikhudza ife

Dziko la Korea wa Kummwera silili kutali ndi Moçambique monga mapu aonetsera. Chombo chachikulu cha Coral Sul, chimene chimakonza gasi m'nyanja kufupi ndi Cabo Delgado, chidamangidwa ku Geoje m'dzikolo ndi kampani ya Samsung Heavy Industries, ndipo gasi woyamba adatumizidwa kunja mu Novembro 2022.

Koma phunziro loyandikira pakhomo pathu lili mumtsuko. Alimi a ku Angónia ndi Tsangano amadziwa ululu wa kabichi wocha nthawi imodzi. Msika umadzaza, ogula amatchula mtengo umene afuna, ndipo wotsala amawolera m'mbali mwa msewu. Patapita miyezi yochepa banja lomwelo limasowa ndiwo. Amayi athu ali kale ndi nzeru ya mfutso: kufutsa nkhwani ndi khwanya, kuyanika, n'kusunga m'zikwatu. Kabichi, chifukwa cha madzi ake ambiri, savomera msanga kuyanika, koma mchere amauvomera.

Wofuna kuyesa ayambe ndi pang'ono. Dulani kabichi mopyapyala, thirani mchere wokwana magalamu 20 mpaka 25 pa kilo iliyonse, fikisani ndi manja osamba bwino mpaka madzi atuluke, onjezani adyo ndi tsabola ngati mufuna. Panikizani m'botolo lagalasi kapena mumtsuko woyera, ndipo ikani pamwamba mwala wotsuka bwino kuti masamba onse amire m'madzi akewo. Musatseke mothina, pakuti mpweya umafunika potulukira. Ikani pamalo ozizira, pamthunzi. M'nyengo ya Junho ndi Julho kumapiri kwathu kuno amasasa pang'onopang'ono ndipo amakhalitsa, koma m'chilimwe cha Outubro amawawasa msanga ndipo safunika kumusunga nthawi yaitali. Fungo lowawasa ndi labwino. Koma akayamba kuterera, kununkha chowola kapena kuchita nkhungu yakuda kapena yamitundumitundu, tayani osalawa. Odwala kuthamanga kwa magazi adye pang'ono chifukwa cha mcherewo.

Amayi a ku Uijeongbu analibe fakitale kapena thandizo la ndalama pamene ankayamba. Anali ndi mtsuko wa kabichi, tsabola, ndi kanyama ka m'chitini kochokera kuseri kwa mpanda. Patha zaka zoposa 60, ndipo anthu amakwerabe sitima kuchokera ku Seoul kukaima pa mzere pakhomo pa tinyumba tawo. Amene muyese njira ya mchereyi chaka chino, kambiranani ndi alangizi a zaulimi a m'dera lanu, ndipo zotsatira zake muuzeko anansi anu.