Letesi Wamutu: Ndiwo Yomwe Inatchuka Chifukwa cha Sitima

Lero tikukamba za ndiwo yomwe ambiri mwa inu munaiona m'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kapena pambali pa tchipisi ndi nkhuku kumalo odyera. Imakulungana ngati kabichi koma ndi yopepuka, masamba ake ndi otuwirako, ndipo imadyedwa yaiwisi. Ameneyu ndi letesi wamutu, wamtundu wa Iceberg. Kodi anachokera kuti, nanga thupi limapezamo chiyani?

(Nyimbo)

Letesi ndi mbewu yakalekale. Zaka zoposa 4,000 zapitazo Aiguputo ankamulima m'mbali mwa mtsinje wa Nile, ndipo zithunzi zake zikadalipo pa makoma a manda awo. Ankafinya mafuta ku njere zake, komanso ankamupereka nsembe kwa Min, mulungu wawo wa kubereka. Koma letesi wawoyo anali wamtali, wamasamba otambasuka. Agiriki ndi Aroma nawonso anamulima, mpaka anafala ku Ulaya konse.

Wamutuyu ndi wadzana. Kampani yogulitsa mbewu ya W. Atlee Burpee, ya mumzinda wa Philadelphia ku America, ndiyo inatulutsa mtundu wa Iceberg m'chaka cha 1894. Kutchuka kwake kunabwera pomwe alimi a m'chigwa cha Salinas, ku California, anayamba kulima letesi wambiri m'zaka za m'ma 1920. Nyengo ya m'chigwachi ndi yozizira bwino chifukwa cha mphepo yochokera kunyanja ya Pacific, ndipo letesi amakonda zoterozo. Vuto linali msika. Ogula ambiri anali kum'mawa, ku New York ndi mizinda ina, mtunda woposa makilomita 4,000. Letesi wamasamba ofewa ankafota ulendo usanathe. Wamutu yekha ndiye ankapirira. Ankamulongedza m'mabokosi amatabwa, kuthiramo ayezi wophwanyaphwanya, nkukweza m'mabogi a sitima, ndipo ankafika akadali bwinobwino.

M'chaka cha 1941 kunatuluka mtundu wina wamutu wolimba kwambiri wotchedwa Great Lakes. Pofika zaka za m'ma 1950, makina oziziritsa letesi atangodulidwa kumene analowa m'malo mwa ayezi, makatoni nkulowa m'malo mwa matabwa. Kwa zaka zambiri, munthu wa ku America akati saladi ankanena letesi ameneyu basi.

Thukuta lake linali la anthu osauka. Ambiri mwa odula letesi anali ochokera ku Mexico, ndipo ankawerama tsiku lonse pamalipiro ochepa. Mu Ogasiti 1970 anthu zikwizikwi ananyanyala ntchito ku Salinas motsogozedwa ndi Cesar Chavez wa bungwe la United Farm Workers, yemwe anapemphanso ogula kuti asiye kugula letesi wa makampani okana kumvana ndi bungwelo. Mu Disembala chaka chomwecho Chavez anatsekeredwa m'ndende chifukwa chokana kuletsa pempholo.

(Nyimbo)

Tsopano tifike pa mbale. Malinga ndi unduna wa zamalimidwe wa ku America, pa magalamu 100 a letesiyu, pafupifupi magalamu 96 ndi madzi. Mphamvu zake ndi makalori 14 okha, ndipo mapuloteni safika ndi galamu imodzi yomwe. Muli vitamini K wokwana mamayikologalamu 24, amene amathandiza kuti magazi aziundana munthu akavulala. Mlingo umenewu ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a zomwe munthu wamkulu amafuna patsiku. Mulinso foleti mamayikologalamu 29, m'bale wake wa mankhwala aja amayi oyembekezera amalandira kusikelo, ndi potaziyamu mamiligalamu 141. Choncho amene amanena kuti letesiyu ndi madzi okhaokha akuwonjeza.

Komabe akayikidwa pamodzi ndi anzake, amatsalira. Vitamini A, wothandiza maso ndi chitetezo cha m'thupi, muli mamayikologalamu 25, pomwe letesi wamtali wa Romaine ali ndi 436. Chifukwa chake chili m'mutu momwemo. Tsamba limabiriwira ndi kudzaza zomwe thupi limasandutsa vitamini A likamawombedwa ndi dzuwa. Masamba amkati mwa mutu amakula ali mumdima, atakutidwa ndi anzawo. Kukulungana komwe kunamuthandiza kupirira m'sitima ndi komwenso kumamumana dzuwa. Chomvetsa chisoni n'chakuti masamba akunja, obiriwira aja, ndi omwe ophika ambiri amathothola nkutaya.

Nanga bonongwe womera yekha kuseri kwa khola? Pa magalamu 100 omwewo, bonongwe wamuwisi ali ndi kashiamu mamiligalamu 215, letesi wamutu 18. Ayironi, wowonjezera magazi, bonongwe ali ndi mamiligalamu 2.3, letesi 0.4. Vitamini C, bonongwe ali ndi mamiligalamu 43, letesi safika 3. Zoona, kuphika kumawononga gawo la vitamini C, maka ndiwo zikaphikitsidwa kapena zikathiridwa soda. Ngakhale zili choncho, bonongwe, nkhwani, chisoso ndi kholowa sizichita manyazi pamaso pa ndiwo yam'sitoloyi.

Letesi wamutu ali ndi ntchito yake. Amaziziritsa kukhosi m'nyengo yotentha, amadzaza mimba ya munthu wofuna kuchepetsa thupi, ndipo ana okana masamba owawa amamudya mosavuta. Mukagula, sungani masamba obiriwira akunja. Tsukani tsamba lililonse ndi madzi otetezedwa, pakuti ndiwo yosapita pamoto imatha kunyamula tizilombo totsekula m'mimba. Sakanizani ndi tomato, kaloti ndi mapeyala kapena timafuta pang'ono, popeza mavitamini A ndi K amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta.

Alangizi azaumoyo amatikumbutsa kudya magulu asanu ndi limodzi a zakudya tsiku lililonse. Pa gulu la zamasamba, omvera athu, letesi wamutu akhale wongowonjezera; ndiwo zobiriwira za m'dimba mwanu musazichotse pa mbale ya ana.