Kodi nkhuni ndi makala zingachepetse kusintha kwa nyengo?

Masiku ano alimi akumva kuti nkhuni, makala ndi utuchi n'zabwino kuposa malasha kapena parafini pa nkhani ya kusintha kwa nyengo. Mawuwa ndi oona pokhapokha ngati mtengo umene wadulidwa umeranso. Nkhalango ya Viphya m'boma la Mzimba, imene Luwawa ndi chigawo chake cha kummwera, ingatiphunzitse bwino mfundo imeneyi.

Mtengo ukamakula umayamwa mpweya wa kaboni, umene umatenthetsa dziko, n'kuusunga m'thunthu, m'nthambi ndi m'mizu. Pafupifupi theka la kulemera kwa nkhuni youma ndi kaboni. Tikasonkha nkhuniyo pamoto, mpweya uja umabwerera kumwamba. Zili ngati ngongole ya feteleza: kutentha mtengo ndi kukongola, ndipo ngongoleyo imatha pamene mtengo wina wakula pamalo pomwepo. Malasha ndi parafini alibe njira yobwezera yotere. Tsono mlimi wofuna kudziwa ngati moto wake ukuononga kapena ayi adzifunse mafunso anayi.

Funso loyamba: mtengowo wachokera kuti? Boma lidayamba kudzala paini wochuluka pa Viphya m'zaka za m'ma 1960 ndi cholinga chopanga mapepala, ndipo nkhalangoyo idafika mahekitala pafupifupi 53,000. Fakitale imene idayenera kumangidwa ku Chintheche siidamangidwe. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kudayesedwa zootcha makala a paini, koma ogula m'tauni sadawakonde chifukwa ngopepuka ndipo amanyeka msanga. Anthu adapitiriza kufuna makala a mitengo yachilengedwe monga mombo ndi muwanga, ndipo nkhalango ngati ya Perekezi, kufupi ndi Mzimba boma, zavutika nazo. Makala a mtengo wodzala ndi makala a mtengo wa m'nkhalango yotetezedwa amadetsa manja mofanana, koma ngongole yake ndi yosiyana.

Funso lachiwiri: utenga zaka zingati kuti umerenso? Bulugamu amadulidwa patatha zaka zosakwana khumi ndipo amaphukanso pachitsa. Paini wa matabwa amafuna zaka 20 kapena kuposa, ndipo saphuka, amafuna kudzalanso. Mitengo yachilengedwe imaphuka, koma imakula pang'onopang'ono kwambiri. Pa Viphya, malo ambiri adakhala dazi chifukwa kucheka matabwa ndi moto wolusa zidaposa kudzala. Moto wa chaka ndi chaka umapha mphukira, choncho ngongole ija siibwezedwa.

Funso lachitatu: watenthedwa motani? Uvuni wa dothi umene ambiri amaotchera makala umadya nkhuni makilogalamu 7 kapena kuposa kuti utulutse kilogalamu imodzi ya makala. Uvuni wabwino wa njerwa umafuna pafupifupi makilogalamu 4 okha. Utsi wa uvuni wa dothi ulinso ndi mpweya wa methane, umene umatenthetsa dziko kuposa kaboni. Kukhitchini nakonso, mafuwa atatu amataya moto wambiri m'mbali, pamene mbaula ya Chitetezo imaphika ndi nkhuni zochepa ndipo utsi woononga chifuwa cha amayi ndi ana umachepa.

Funso lachinayi: nthaka ndi madzi zasiyidwa bwanji? Phiri likametedwa, mvula imakokolola dothi, mitsinje imadzaza mchenga ndipo madimba amauma msanga. Bulugamu wodzala m'mphepete mwa dambo amamwa madzi ambiri. Ena amalangiza kugwiritsa ntchito mapesi a chimanga ngati nkhuni. Alimi, chenjerani: mapesi ndi chakudya cha nthaka ndi ng'ombe. Mukawachotsa onse m'munda, mudzalipira ndi feteleza. Koma utuchi ndi makungwa zimene zimatsala pa macheka n'zoyenera kuumba makala kusiyana n'kungozitentha pabwalo.

Nkhaniyi ikukhudza aliyense. Ndondomeko ya boma ya makala ya 2017 mpaka 2027 idati mabanja oposa 97 pa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Lamulo la nkhalango la 1997, limene lidakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kuotcha makala popanda chilolezo. Kuti njira yovomerezeka ndi yotheka zidaoneka pa Viphya pomwepo, pamene kampani ya Kawandama Hills idalandira chilolezo chootcha makala kuchokera ku bulugamu wodzala yokha.

Mlimi wa fodya amene amafuna mitengo ya zigafa chaka chilichonse, komanso banja lililonse, akhale ndi kamunda ka mitengo pamalo a mtunda, kutali ndi dambo. Dulani kagawo kamodzi pa chaka, siyani zitsa ziphuke, lambulani njira zotchinga moto dzinja likangotha, ndipo umitsani nkhuni musanazisonkhe. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo, koma nazale imakonzedwa chilimwe chisanathe. Kaonaneni ndi mlangizi wa za nkhalango wa m'dera lanu kuti akuthandizeni kusankha mbewu yoyenera nthaka yanu.