Moto, chiswe ndi akalipentala a ku Chilumba

Funso loyamba limene wogula amaponya kwa kalipentala m'mbali mwa msewu wa M1 ku Chilumba, kaya m'Chitumbuka kaya m'Chichewa, silikhala la mtengo wogulira. Mayi amagogoda chitseko ndi chala n'kufunsa kuti, "Bambo, kodi ndi cha mlombwa chimenechi?" Mmisiri amaika pulena pansi, n'kupukuta utuchi m'manja, n'kuyankha kuti, "Mlombwa, mayi, ukusowa masiku ano. Uyu ndi paini, koma ndimupaka vanishi bwinobwino." Onse awiri amadziwa kuti vanishi saopseza chiswe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pakapita zaka zochepa mphuthu ikafumbwa, dzina limene limaipa m'mudzi ndi la kalipentala, pamene iye analumikiza zonse mwaluso. Mitengo yolimba imene inkateteza mbiri ya amisiri a m'mphepete mwa nyanja ikutha, ndipo ine ndikuti chimene chingalowe m'malo mwake ndi luso losamalira thabwa lofewa kuti likhalitse, kuyambira ndi moto.

Ukalipentala kuderali uli ndi mizu yakuya. Dr Robert Laws atasamutsira mishoni ya Livingstonia ku Khondowe mu 1894, pamwamba pa Chitimba kum'mwera kwa Chilumba, sukulu yake ya Overtoun Institution inkaphunzitsa zopalapala, zomangamanga ndi zosindikiza mabuku, ndipo amisiri otuluka kumeneko anafalikira mpaka m'maiko oyandikana nafe. Chilumba, amene azungu ankamutcha Deep Bay, ndi doko limene sitima ya Ilala imathera ulendo wake wakumpoto. Pamalo otere thabwa limadyetsa anthu ambiri. Pali wocheka matabwa, amene amagoneka chipika pa thandala, n'kulemba mzere ndi chingwe choviika m'makala, mmodzi ali pamwamba kukoka sowo, mnzake ali pansi utuchi ukumugwera m'maso tsiku lonse. Pali wosema bwato ndi kasemasema, pali wokhoma boti la matabwa amene amatseka mipata ndi nsanza ndi phula, ndiye pali wokhoma denga ndi wopanga mipando ndi mabokosi a maliro. Onsewa anaphunzira ntchito pa mlombwa ndi mbawa, mitengo imene imadziteteza yokha.

Mfumu ya mitengo yotere inali mkungudza wa ku Mulanje. Utomoni wake wonunkhira umathamangitsa chiswe ndi kuletsa kuwola, n'chifukwa chake unkafunidwa pa madenga, pa zitseko ndi pa maboti a panyanja. Mu 1984 unalengezedwa kukhala mtengo wa dziko lino, koma ulemuwo sunaimitse nkhwangwa ndi moto wolusa: kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha paphiri lonse. Chimene kalipentala wa kumpoto watsala nacho ndi bulugama ndi paini, makamaka wa ku Chikangawa, nkhalango ya mahekitala 53,000 imene inabzalidwa kuti idzadyetse fakitale ya mapepala yomwe sinamangidwe, ndipo nayonso yavulala ndi moto komanso kudula kosabzala. Paini amachekeka msanga ndipo salemera, koma akakhudza dothi kapena akamanyowa ndi mvula yamkuntho ya kunyanja, sachedwa kufooka.

Ku Japan kuli phunziro limene likutikhudza. Nakonso kuli mtengo wapamwamba, hinoki, wa mtundu wa mkungudza, wonunkhira ndi wosawola. Kachisi wa Horyu-ji ku Nara, womangidwa ndi hinoki, waima zaka zoposa 1,300, ndipo kachisi wa ku Ise amamangidwanso mwatsopano ndi mtengo womwewo zaka 20 zilizonse. Komaliza kunali mu 2013. Koma hinoki sanali wa aliyense. M'nkhalango za Kiso akuluakulu a kale analetsa anthu wamba kumudula. Asodzi ndi alimi a m'midzi ya kumadzulo kwa dzikolo ankakuta makoma a nyumba zawo ndi sugi, mtengo wofewa wopezeka paliponse, ndipo kuti upirire mvula ndi mphepo ya kunyanja ankauwaula. Njirayo amaitcha yakisugi. Amatenga matabwa atatu aatali, n'kuwamanga pamodzi kuti pakati pakhale mphako ngati chumuni, n'kuwaimika, n'kuyatsa moto kunsi. Lawi limakwera m'mphakomo mpaka kutulukira pamwamba, ndipo pakangopita mphindi zochepa amamasula matabwawo n'kuwathira madzi. Nkhope imodzi ya thabwa imasanduka khala la mamilimita ochepa, pamene m'kati muli mosapsa. Khalalo silisweka ndi dzuwa monga amachitira penti, ndipo bowa wowoletsa mtengo sapezamo chakudya. Lero anthu olemera a ku Ulaya ndi ku America akulipira ndalama zambiri kuti nyumba zawo zikutidwe ndi chimene chinali chishango cha mphawi.

Wa kumudzi akamva zimenezi sadabwa, chifukwa makolo athu ankawaula kunsi kwa nsichi ndi mizati asanaikwirire pansi, ndipo ena amatero mpaka lero pomanga khola kapena nkhokwe. Kusiyana kwake n'kwakuti a ku Japan anautenga mwambowo n'kuusandutsa ntchito yokhala ndi muyeso: kuuma kwa thabwa, kutalika kwa nthawi ya moto, kuya kwa khala, kakhomedwe kake pakhoma. Ife tinausiya kukhola, ndipo mmisiri akafuna kuteteza thabwa amathamangira ku galaja kukapempha oilo wakuda wotsala m'injini, amene amanunkha, amadetsa zovala za ana, ndipo mvula ikamutsuka amalowa m'dothi pafupi ndi nyanja imene tikumwa.

Alipo amene anganene kuti chiswe cha ku Karonga sichingaope khala, ndipo akunena zoona. Chiswe chimachokera pansi, chikapeza mng'alu chimalowa n'kudya m'kati, kusiya chikopa chakuda chili chiimire. Ngakhale ku Japan moto sugwira ntchito wokha. Thabwa lowaulidwa limakhomedwa pamwamba pa maziko a miyala, osakhudza dothi, denga limatuluka kwambiri kuti mvula isamenye khoma, ndipo kuseri kwa thabwa amasiya mpata woti mphepo izidutsa. Zonsezi ndi nzeru za m'manja mwa mmisiri, zosafuna mankhwala ogula ndi ndalama zakunja. Ena anganene kuti paini si sugi, ali ndi utomoni wambiri ndipo amapindika akapsa mbali imodzi. Nazonso n'zomveka, ndipo yankho lake ndi kuyesa: matabwa a paini ndi a bulugama awaulidwe mosiyanasiyana, akhomedwe panja kwa nyengo zingapo za dzinja pambali pa osawaula, anthu adzionere okha. Kuyesa kotere kungachitike pa sukulu iliyonse ya ntchito zamanja imene ili pansi pa TEVETA, ndipo mtengo wake ndi wa matabwa ochepa ndi machesi.

Chotsutsa cholemera kwambiri si cha chiswe, ndi cha ulemu. Kwa ife nyumba yeniyeni ndi ya njerwa zootcha ndi malata. Ya matabwa timaiyesa okala kapena chisakasa cha asodzi, ndiye ikadzakhalanso yakuda, anthu adzati mwini wake anapulumutsa zotsala pamoto. Maganizo amenewa sindikuwapeputsa, pakuti munthu amamanga nyumba kuti alemekezeke. Koma a ku Karonga akukumbukira Disembala 2009, pamene zivomerezi zotsatizana zinagwetsa ndi kung'amba nyumba zambirimbiri za njerwa, anthu n'kumagona panja m'nyengo ya mvula. Boma lonselo lili m'chigwa chimene nthaka yake imagwedezeka monga imachitiranso ku Japan, ndipo khoma la matabwa lokhomedwa bwino limawerama n'kubwerera pamene la njerwa zomangira dothi limakugwera. Tisaiwalenso kuti uvuni wa njerwa umameza mitengo yambiri yachilengedwe, yomweyo imene kalipentala akuilira. Sindikunena kuti anthu asiye njerwa mawa. Ntchitoyi ingayambire pa zing'onozing'ono, pa mipanda, pa zipupa za khitchini ndi mashedi a nsomba, pa matabwa otchinga m'mphepete mwa denga, ndi pa nyumba zogona alendo za m'mbali mwa nyanja, kumene mlendo amakonda kuona mtengo kuposa simenti.

Wopindula woyamba angakhale mmisiri mwini. Lero amapikisana ndi mnzake pa kutsitsa mtengo basi, chifukwa onse akugula thabwa limodzimodzi kwa wogulitsa mmodzimodzi. Amene angathe kuuza wogula motsimikiza kuti thabwa ili ndaliumitsa, ndaliwaula, ndalikhoma motere, ndipo lipirira nyengo zambiri za dzinja, ameneyo ali ndi chogulitsa chimene mnzake alibe. Akuluakulu a TEVETA, aphunzitsi a zopalapala ndi magulu a akalipentala a ku Chilumba, Uliwa ndi Karonga, yambani kuyesa chilimwe chino matabwa akadali ouma, mvula ikubwerayi idzawayese pamaso pa anthu.