Musachizule, adokotala ayambe ajambula

Amayi anzanga, kuno ku Malosa ndi m'chigwa chonse cha Domasi, zida zimene zimatidyetsa ndi zomwenso zimativulaza. Khasu limaguluka pampini, mwana amagwera pachisonga, lata louluka ndi mphepo limatema munthu. Chinthu chikalowa m'mutu, m'khosi kapena pamsana n'kutsalira momwemo, dzanja la mayi limathamangira kukachizula. Chonde musatero.

Chimene chalowacho chimatseka mtsempha umene wang'ambika. Mukachizula, magazi akhoza kukhuthukira mkati mwa chigaza, momwe simungawaone. Pamsana, kuchigwedeza pang'ono chabe kukhoza kudula mitsempha yodutsa m'mafupa a msana, munthu n'kufa ziwalo moyo wake wonse. N'chifukwa chake adokotala amafuna kuona chithunzi asanachikhudze.

Kujambula kwake kulipo kutatu. X-ray, imene Wilhelm Röntgen anatulukira mu 1895, ndi imene timayambira m'zipatala ngati St Luke's ndi Zomba Central. Imaonetsa fupa losweka, chitsulo ndi pamene chalekezera, koma mtengo suoneka bwino, ubongonso suoneka.

CT scan imajambula mutu m'magawomagawo, ngati buledi wodulidwa. Imaonetsa njira imene chinthucho chadutsa, tizidutswa ta fupa ndi magazi amene aundana. Ovulala kwambiri amatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kuli madokotala a opaleshoni ya ubongo ndi msana.

MRI, imene inafika ku Queen Elizabeth mu 2008, imagwira ntchito ndi maginito amphamvu. Maginitowo akhoza kusuntha kachitsulo kamene katsalira m'thupi. Choncho auzeni achipatala chimene chinamulasa munthuyo, ndiponso ngati ali ndi chitsulo chakale m'thupi. Ngati chida chinathyoka, tengani mbali yotsalayo mukawaonetse. Ngati wovulalayo ndi woyembekezera, nenani asanajambule kuti ateteze mwana, koma musakane kujambulako.

Musanafike kuchipatala, ikani zitenje zoyera zopindapinda mbali zonse za chinthucho kuti chisagwedezeke. Mmodzi agwire mutu kuti khosi lisapotoke, ena amugoneke pachitseko kapena pathabwa. Musamukweze pakabaza, pezani galimoto. Musathire mankhwala azitsamba pabala, ndipo musamupatse chakudya kapena madzi, poti mwina apita ku opaleshoni.

Bala laling'ono lisakupusitseni. Msomali umasiya kabowo kochepa kunja, mkati utafika patali. Ngakhale munthu akuyankhula bwinobwino, pitani naye tsiku lomwelo. Akayamba kusanza, kusinza, kukomoka kapena kuchita dzanzi m'miyendo, musadikire kuti kuche.

Pamsonkhano wotsatira wa amayi kapena kumphakati, kambiranani kuti zoterezi zikachitika usiku, galimoto mudzaipeza kwa ndani.