Magazi m'chimbudzi si kamwazi nthawi zonse

Munthu akaona magazi m'chimbudzi, ambiri amathamangira kugolosale kukagula Flagyl poganiza kuti ndi kamwazi. Nthawi zina amalondoladi, koma chizindikiro chomwechi chimaonekanso pa matenda ena a m'matumbo aakulu omwe mapiritsi amenewa sangawachize.

Matumbo aakulu ndi chigawo chomaliza cha njira ya chakudya, ndipo ndi otalika pafupifupi mita imodzi ndi theka. Ntchito yake ndi kuyamwa madzi m'zotsalira za chakudya zisanatuluke ngati chimbudzi.

Kamwazi weniweni amadza ndi madzi kapena chakudya chosasamalika. Tizilombo tomuyambitsa tili pawiri, bakiteriya wa Shigella ndi amiba, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Flagyl amagwira amiba, pomwe Shigella amafuna mankhwala ena monga ciprofloxacin. N'chifukwa chake achipatala amayamba afunsa bwino za matendawo kapena kupima chimbudzi asanalembe mankhwala.

Kwa asodzi a ku nyanja za Chilwa ndi Chiuta, alimi a mpunga ku Domasi komanso okhala m'mbali mwa mtsinje wa Shire, pali mdani wina: likodzo. Ambiri amalidziwa ndi magazi a mumkodzo, chonsecho lilipo la mtundu wina lomwe nyongolotsi zake zimaikira mazira m'mitsempha ya m'matumbo. Limeneli limapweteketsa m'mimba, kutsegula m'mimba mwa magazi, ndipo likakhalitsa limaononga chiwindi. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja ana amalandira m'sukulu.

Koma nthenda yosachedwa kupha ndi kupotokola kwa thumbo, komwe madokotala amakutcha sigmoid volvulus. Chigawo cha kumapeto kwa matumbo aakulu chimadzipota ngati chingwe, njira n'kutsekeka. Mimba imafufuma ngati ng'oma, wodwala amamva ululu woopsa, ndipo chimbudzi ngakhale mpweya sizituluka. Vutoli limagwira abambo kwambiri kuposa amayi, ndipo ndi limodzi mwa zifukwa zikuluzikulu zotsekera matumbo m'dziko muno.

Apa nthawi ndiyo imalamula. Thumbo lopotokola silandira magazi, choncho limayamba kuola. Wodwala akafika msanga, dokotala amatha kulimasula ndi kachubu kolowetsa kumalo ochitira chimbudzi, n'kukonza opaleshoni pambuyo pake kuti vutolo lisabwerere. Akachedwa, chigawo choolacho chimadulidwa, ndipo ena amatuluka ndi kathumba kolandira chimbudzi pamimba kwa miyezi ingapo. Tsiku limodzi lotayidwa pomwetsa wodwala zitsamba zotsegula m'mimba, kapena pokambirana za yemwe wam'lodza, ndi lokwanira kusintha zonse. Kwa wa ku Nayuchi kapena ku Utale, ulendo wa kuchipatala cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka ndi wautali kale, ndiye si wouyamba mawa.

Khansa ya m'matumbo aakulu yokha imabwera mwakachetechete. Bungwe la World Health Organisation likuti khansayi ndi yachitatu pa zofala kwambiri padziko lonse, ndipo mu 2020 inapezeka mwa anthu oposa 1.9 miliyoni. Kawirikawiri imayamba ngati kanyama kakang'ono m'kati mwa thumbo, komwe kamakula kwa zaka munthu osamva kanthu. Imakonda anthu opitirira zaka 50, ngakhale ocheperapo imawagwiranso.

Zizindikiro zake n'zosavuta kuzinyalanyaza: magazi obwerabwera m'chimbudzi, kudzimbidwa kosinthana ndi kutsegula m'mimba kwa milungu ingapo, kuonda popanda chifukwa ndi kuchepa kwa magazi m'thupi. Ambiri amangoti ndi nthenda ya mudzi, ndipo manyazi amawaletsa kukaonetsa malowo kwa dokotala. Chonsecho kupima koyamba ndi kwa chala chovala gulovu basi, ndipo sikutenga ngakhale mphindi zisanu.

Dokotala akakayikira khansa, amatumiza wodwala ku chipatala chachikulu cha Zomba kapena cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Kupima kotsimikiza ndi colonoscopy, pomwe amalowetsa chubu chokhala ndi kamera m'thumbo, n'kubudula kanyama kokaunika ku labotale. Khansa yopezeka isanafalikire imatha kuchiritsika ndi opaleshoni, nthawi zina pamodzi ndi mankhwala a chemotherapy. Ikafika kuchiwindi kapena kumapapo, chithandizo nthawi zambiri chimakhala chongotalikitsa moyo ndi kuchepetsa ululu.